Mafupa a Apongozi Ake a Enoki

Chaka chimene lamulo la boma la malimidwe linafika kwathu kwa Kuntumanji, mayi anga anali atatha kale ndi nyamakazi. Zala zinapindikira m'kati ngati mapazi a nkhuku yakufa, msana unawerama moti ukamayankhula nawo unkangoona pamutu. Mafupa nawo anali atafumbwa. Dzinja lapitalo anathyoka nthiti ndi kutsokomola chabe.

Lamulo linkati munda uliwonse ukhale ndi mizere yopingasa, wokana akagone kundende ku Zomba. Mwamuna wanga Enoki anali atakhalitsa kunyanja kutsata matemba, ndiye munda wa mayi unali chikhalire.

Kapitawo wa malimidwe anatipeza m'mundamo, ine ndili ndi pakati potopa, mayi atakhala pansi akutola zinyalala. Anali Jameson wa kutsidya kwa dambo, yemwe uja tinkamuona mamina ali mbwee. Kabudula wa khaki ndiye anali atamukweza mapewa.

"Munda uno ngwa yani?" anafunsa.

"Ngwanga, mwananga," anayankha mayi.

"Ine si mwana wanu. Dzukani mulime mzere ndikuona."

"Manja awa sagwira, bambo."

Ndinagwada kumupepesa, koma anandikankhira kumbali. Anatola khasu, nagwira dzanja la mayi, nayamba kuwongola zalazo mokakamiza kuti alowetse mpini. Ndinamva kuti thyo! Kenaka thyo! Mayi anakuwa. Iye anawadzutsa chokoka, ndipo ataona kuti sakuima anawataya ngati mtolo wa nkhuni. Anagwera cham'mbali. Mwendo unapotokera kunja kuyambira m'chiuno.

Enoki anatulukira nthawi yomweyo kuchokera kudooko, nkhafi ili paphewa. Analunjika kwa Jameson n'kumukwapula nayo. Yoyamba inatera pakamwa, mano n'kumwazika m'fumbi. Yachiwiri m'nthiti. Jameson anakwawa akulavula magazi, akuitana amake. Ndinene zoona, mtima wanga unakondwa.

Koma mayi anali chigonere padzuwa, ndipo anthu onse anali atathawa ataona khaki. Ine ndi mimba yangayo sindikanatha kuwadzutsa.

"Bambo, nyamulani mayi!" ndinamuuza Enoki.

Anatembenuka n'kutipatsa msana. Kwathu mkamwini sakhudza apongozi ake, ngakhale kukumana nawo panjira amapatukira kutchire. Mayi nawonso, ululu wonsewo, anakoka nsalu n'kufunda kumaso.

"Asandigwire," anatero. "Anthu adzati chiyani?"

"Anthu ake ati? Enoki, akufa awa!"

Iye anapita pamene panagona Jameson n'kumumenya theche. "Dzuka. Wawathyola ndiwe, uwabereke ndiwe."

Munthu wothyoka chiuno amafuna machira ndi manja odekha. Mayi anakwezedwa kumsana kwa munthu wothyoka nthiti, mwendo uli lendelende. Phazi lililonse limene Jameson ankaponda, mayi ankalira. Akadzandira, Enoki ankamukwapula ndi nkhafi m'miyendo, iye n'kugwada, mayi n'kumenyetsa mwendo pansi.

"Lekani! Mukupweteka mayi!"

"Ayende bwino galu ameneyu," anayankha Enoki, maso atayang'ana kumbali kuti asaone ntchafu za apongozi ake.

Ndinamugwira mkono, anandikutumula. Ndinamutukwana mawu amene sindinatukwanepo munthu. Sanamve. Podutsa padambo Jameson anagwa chafufumimba, mayi pamwamba pake, ndipo Enoki anamudzutsanso ndi nkhafi. Kuchokera pamenepo mayi sanalirenso.

Titafika pakhomo Jameson anagwada kuti awatsitse. Ndinawagwira pamphumi, ndinawaitana, ndinawathira madzi. Mutu unangogwera paphewa panga. Jameson anakwawira kutchire, palibe anamutsata.

Enoki anaima kuseri kwa nkhokwe, chipewa chili m'manja, n'kufunsa chapansipansi ngati apongozi afika bwino.

Pamaliro akuluakulu anamuyamikira kuti ndi mkamwini wodziwa mwambo. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mkeka wake ndi maukonde ake, ndinaziponya pabwalo mtembo usanatuluke.