Chishango Chimene Anasema a Kalipentala

Chishango anasema ndi a Kalipentala, koma chinakapachikidwa kwa alamu awo. Vuto lonse linayambira pamenepo.

Pa parishi pawo panali bungwe la amuna achikatolika lomwe linkagwira ntchito zachifundo. Ankayendera odwala, ankakonza nyumba za okalamba, ndipo nthawi zina ankapita limodzi kukapereka magazi kuchipatala. Chaka chilichonse bungweli linkapereka chishango chathabwa kwa membala amene watumikira koposa. Popeza mmisiri wa matabwa m'bungwemo anali a Kalipentala, ntchito yosema chishangocho inali yawo. Ankachipala bwinobwino, kuchipaka vanishi, mapeto ake n'kulembapo dzina la munthu wina.

Chaka chimenecho dzinalo linali la a Telala, mlongo wa akazi awo. Tsiku lopereka mphotho, Bambo Mfumu atatchula dzinalo, holo yonse inawomba m'manja. A Kalipentala nawonso anawomba, koma ndi nsonga za zala zokha. Nsanje inali itawagwira.

"Kodi alongo anuwa anachita chiyani kwenikweni?" a Kalipentala anafunsa akazi awo pa nthawi ya chakudya. "Kusoka mabatani?"

"Anasoka malaya oti odwala azitha kuvala okha ndi dzanja limodzi. Inunso mukudziwa zimenezi."

"Nanga ine ndakhoma madenga angati? Pakati pa nsalu ndi denga, cholemera n'chiti?"

"Cholemera ndi mtima wanuwo, abambo. Idyani, chakudya chikuzizira."

Sanadye. Anatsimikiza kuti chaka chotsatira achita chinthu choti ngakhale wodutsa pamsewu achione.

Bungwelo linali ndi lamulo lake. Pokathandiza banja, abale ankapita awiriawiri, n'kuyamba akhala pansi kufunsa eni nyumba chimene akufuna. Ngati panali wodwala, ankafunsanso azaumoyo. A Kalipentala ankalidziwa lamuloli, koma anaona kuti kupita awiri n'kugawana ulemu. Nanga wachiwiriyo akadzakhala alamu awo omwewo?

M'bungwemo munali bambo wina wachikulire amene onse ankangomutchula kuti a Dalaivala, chifukwa anakalambira pa chiwongolero cha basi. Matenda a sitiroko anawapha mbali imodzi, moti ankayenda pa chikuku cha odwala. Khomo lawo lakumaso linali ndi masitepe, ndipo tsiku la kuchipatala anthu oyandikana nawo ankachita kuwanyamula ndi chikuku chomwe. Chimene chinawakomera kwambiri a Kalipentala n'chakuti nyumbayo inali m'mbali mwa msewu wopita kutchalitchi.

Anafika okha m'mawa wina, matabwa ali pangolo, sowo ndi hamala zili m'chikwama.

"Mayi, mavuto anu atha," anauza akazi a a Dalaivala. "Ndikumangirani kanjira kotsetsereka pakhomo pano, kuti chikuku chizingotsika chokha."

"Zikomo kwambiri, bambo. Komatu pakhomo apa ife..."

"Musavutike n'kufotokoza, mayi. Ntchito yanga ndimaidziwa."

Mayiwo anangowasiya amange. Munthu wobwera ndi matabwa ake aulere ungamutsutse bwanji?

Pakati pa khomo ndi geti malo anali ochepa, choncho kanjirako kanatuluka kakafupi ndi kotsika kwambiri. Kanaphimba masitepe onse. A Kalipentala anakasalaza, n'kukapaka vanishi yemweyo wa chishango, mpaka kanawala. Anajambula chithunzi pafoni n'kutumizira abale onse a m'bungwe. Amene anayamikira anawawerenga, ndipo anaona kuti alamu awo sanalembe kanthu. Anadziuza kuti imeneyo ndiye nsanje. Wansanje amaiona msanga mwa anzake.

Patapita masabata, akazi awo anabwera kuchokera kumsika nkhope ili yakugwa.

"Ndakumana ndi akazi a a Dalaivala, akutsimphina. Anaterereka pa matabwa anu aja tsiku la mvula. Ndipo abambowo sanapitenso kuchipatala chimangireni kanjira kanu."

"Bwanji osapita? Njira ilipo."

"Mayiwo sangathe kugwira chikuku potsika. Onyamula aja nawonso akukana, akuti alibe popondera chifukwa masitepe munawaphimba. Munthuyo mwamutsekera m'nyumba, abambo."

A Kalipentala anadzuka. Anavala nsapato n'kuuyamba ulendo.

Atafika anapeza anamwino amene amayendera odwala m'makomo ataima pageti, akuyang'ana kanjirako. Anabwera kudzafufuza chifukwa chimene wodwala wawo wasiyira kubwera ku mafizo olimbitsa ziwalo. Pakhonde panali a Telala, atabweretsa buluku limene anasokera a Dalaivala. Mwa anthu onse a padziko, amenewo ndiwo a Kalipentala sanafune kuwapeza pamenepo.

"Ndinu munamanga?" anafunsa anamwino.

"Ndine. Matabwa ake ndi olimba."

"Kulimba n'kolimbadi. Tiyeni tikayese. A Telala, takhalani pachikukupa. Inu bambo mugwire kumbuyo, mutsike nawo pang'onopang'ono, ndipo pakati muime."

A Telala anakhala, akumwetulira. "Alamu, paja mlongo wanga ali ndi mlongo mmodzi yekha. Mundigwire bwino."

Mawilo atangogunda vanishi, chikuku chinayamba kukoka. A Kalipentala anakanikiza zidendene, koma nsapato zinaterereka. Anayesa kuima pakati, osatheka. Chikuku chinawaguza mpaka pansi, ndipo chinaima mawondo a a Telala atatsala pang'ono kugunda geti. Onse awiri anali wefuwefu.

"Inu ndinu mwamuna wamphamvu, wonyamula matabwa tsiku ndi tsiku," anatero anamwino modekha. "Tsono taganizani mayi awa, ndi mwendo wawo wopwetekawu, kutsogolo kuli msewu wa magalimoto. Njira ya chikuku imafunika ikhale yaitali, yotsika pang'onopang'ono, kuti wokankha athe kuima paliponse. Isakhale yoterera, ndipo m'mbali mukhale zotchinga mawilo. Koma choyamba pa zonse n'kufunsa amene aziigwiritsa ntchito. Munawafunsa?"

A Kalipentala anayang'ana pansi. Manyazi anawagwira kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Ndimafuna kukuuzani tsiku lija," anatero akazi a a Dalaivala mwaulemu. "Khomo lakuseri lili ndi sitepe imodzi yokha, ndipo malo ndi ambiri. Kungoti njira yochoka kumeneko kufika pageti ndi yamabampu."

"Kuseri," anabwereza a Kalipentala. Kuseri kumene sikuoneka pamsewu.

M'nyumba munamveka mawu a a Dalaivala, olemera ndi ochedwa chifukwa cha matenda. "Mphwanga, basi imaima pamene pali anthu okwera. Siiima pamene dalaivala akufuna kuoneka."

Panalibe amene anaseka. A Telala anadzuka pachikuku n'kuwagwira alamu awo paphewa.

"Malaya oyamba amene ndinasokera a Dalaivala anawakana," anatero. "Ndinaika zipi kumbali imene dzanja lawo silifika. Ndinabwerera nawo kushopu, ndipo kuyambira pamenepo ndimayamba ndakhala pansi. Paja safunsa anadya phula."

"Nanga chithunzi chija bwanji simunanene kanthu?"

"Ndinaona kuti katsika kwambiri, koma ndinaopa. Mukanati ndi nsanje."

A Kalipentala anakanda kumutu. Akanaterodi.

Pa msonkhano wotsatira wa bungwe anaimirira n'kufotokoza zonse, osabisa. Anapempha manja, chifukwa ntchito ya kuseri inafunika kusalaza nthaka, kuthira simenti ndi kukhoma zogwirira. Mutu umodzi susenza denga. Wapampando anavomera, n'kukumbutsa abale onse za lamulo la kupita awiriawiri.

Loweruka lotsatira amuna anafika ndi makasu ndi mafosholo. Asanakumbe paliponse, anakhala pansi ndi banjalo pamodzi ndi anamwino. Mayi aja ndiwo analoza modutsa njira. A Kalipentala anachotsa ndi manja awo kanjira kowala kaja, masitepe n'kuonekanso, ndipo matabwa ake anawacheka kukhala zotchinga za m'mbali. A Telala ankawagwirira tepi. Ankaigwira mopotoka, koma a Kalipentala ankangoiwongola.

Simenti itauma, mayi aja anakankha okha chikuku kuchoka kuchipinda mpaka pageti. Pakati anaima dala, n'kuchotsa dzanja limodzi, chikuku osasuntha. A Dalaivala anakweza nkhope kuyang'ana msewu umene anali asanauone kwa nthawi yaitali, misozi ikulengeza. Sabata yomweyo anayambiranso mafizo.

Chaka chitazungulira, wapampando anabweretsa dzina la wopambana. Linali la bambo wina amene ankasonkhanitsa anthu opereka magazi. A Kalipentala anamva kamtima kakuti tsweee, pakuti nsanje siichoka tsiku limodzi ngati chimfine. Komabe anatenga thabwa labwino koposa m'shopu mwawo n'kuyamba kusema.

"Chaka chino n'cha ndani?" anafunsa akazi awo ataima pakhomo la shopu.

"Si changa."

"Zikukupwetekani?"

"Pang'ono."

Nthawi yomweyo panamveka kulira kwa mawilo pamsewu. Anali a Dalaivala, atavala malaya osokedwa ndi a Telala, akazi awo akuwakankha kupita ku Misa ya m'mawa. Atafika pa shopu anakweza dzanja lawo lamphamvu lija n'kuimba hutala ndi pakamwa, monga ankachitira ndi basi. A Kalipentala anabayibitsa, n'kubwerera pa thabwa lawo akumwetulira.

Tikafuna kuthandiza munthu, tiyambe tamufunsa chimene akusowa, timve malangizo a azaumoyo, ndipo tigwire ntchito pamodzi ndi anzathu. Mphotho ndi yabwino, ndipo woilandira tizimuyamikira ndi mtima wonse. Koma thandizo lochitira kuti tioneke likhoza kumutsekera mnzathu m'nyumba, pamene thandizo loyamba ndi kufunsa limamutsegulira khomo.