Nsabwe za a Magalasi

Mayi anawapeza Azakhali kuseri kwa nyumba atagwada pambali pa mpopi, beseni lili thovu lokhalokha, bulashi yochapira ili m'manja. Pa lata lakale anali atayanikapo miyala ya m'thanki ya nsomba ija, yoyera mbee ngati mafupa, ndipo fungo la mankhwala oyeretsera zovala linkalasa mphuno.

"Alamu, miyalayi mwaichotsa kuti?"

Azakhali sanadzutse n'komwe mutu. Anati aichotsa kumene kunali nyansi. Anthu akubwerabe kudzapepesa, ndiye iwo sangalole kuti azikanena kunja kuti mlongo wawo ankakhala m'nyumba yonunkha ndere. Kathanki kobiriwira kam'kabati kaja anali atakakhuthulira mungalande, n'kukakwecha mpaka galasi kulira. Miyala ya m'thanki yaikulu, yonse imene dzanja lawo linafikira, anaitulutsanso. Anasiya iwiri yokha ya pakona, ati chifukwa tinsomba tinabisala kumeneko.

Maliro anali atangochitika kumene. Malemu, mwamuna wa Mayi, anali wodula magalasi, ndipo dzina lawo lenileni linatsala pa chiphaso chokha, aliyense ankangoti a Magalasi. Mawondo atayamba kukana makwerero, anadula magalasi okhuthala n'kumata thanki yotalika ngati sofa pabalaza. Anathiramo mchenga, madzi osungunuliramo mchere wogula m'matumba, ndi miyala yobookabooka yochokera pansi pa nyanja yamchere. Atatero anaisiya choncho pafupifupi chaka chathunthu, yopanda nsomba ndi imodzi yomwe. Alendo akasuzumira n'kufunsa kuti nsomba zabisala kuti, a Magalasi ankayankha kuti akulima kaye munda, eni munda abwera mbewu zikacha.

Eni mundawo anali tinsomba tiwiri totchedwa mandarini, kakamuna ndi kakakazi, totalika ngati chala, tokhala ndi mizere yabuluu, yobiriwira ndi yofiirira ngati tapentedwa ndi munthu wosowa chochita. Kukongola kwake kulipo, koma matama ake ndiye osanena. Chakudya cha m'paketi sitichitembenukira n'komwe. Timangodya tizilombo tamoyo tating'ono ngati fumbi, timene timaswana m'mabowo a miyala ndi mu ndere, ndipo timajompha kuyambira m'mawa mpaka madzulo osapuma. Tizilomboto tikatha, nsomba imafa ndi njala pang'onopang'ono, mitundu yake ili chiwalire. N'chifukwa chake a Magalasi anamata kathanki kena n'kukaika m'kabati pansi pa thanki yaikulu, kodzaza ndere, kuti tizilombo tiziswana mopanda wotidya, pampu n'kumatikweza m'mwamba pang'onopang'ono.

Tizilomboto Mayi ankatitcha nsabwe. Amuna a anzawo amaweta nkhuku, wawo akuweta nsabwe. Ankadana ndi kulira kwa pampu, ankadana ndi mchere wouma pa kabati, koma chimene chinkawanyansa koposa chinali chizolowezi cha a Magalasi choviika chala m'madzimo, kulawa, kukwinya nkhope, n'kupukutira chalacho pa thalauza, chonsecho kachipangizo koyezera mchere kali pomwepo. Komabe munthu sungagone ndi mlaliki osaloweza ulaliki. Mayi ankadziwa bwino lomwe chimene chapita mungalandemo.

Anaima patsogolo pa Azakhali.

"Nyumba ino mwini wake ali moyo, ndipo ndi ine. Munafunsa ndani? Safunsa anadya phula, alamu."

Apo ndiye Azakhali anaimirira, thovu likudontha m'zigongono.

"Lero mukulirira nsomba? Mlongo wanga ankatha ngati sopo m'nyumba muno, inu maso muli nawo. Mukanamulirira choncho akali moyo."

Mawu amenewa sanali achilendo. Azakhali anawayamba zaka zapitazo pa ukwati wa mwana wachisamba wa Mayi, pamene ananena pagulu kuti mlongo wawo akuonda ngati munthu wopanda mkazi. Kuyambira tsiku limenelo akazi awiriwa ankangopatsana moni wa pamaliro, ndipo Azakhali sanapondenso pakhomopo mpaka bokosi litalowa. Koma nthawi ijayo a Magalasi anali wowonda chabe mwachibadwa. Tsopano anali atafa ndi matenda a m'mimba amene madokotala anati akanawapeza msanga akanayesako, ndiye mawuwo analowa ngati singano. Mayi anatsonya, n'kutola miyala iwiri, n'kuinunkhiza, n'kuiponyanso pa latapo. Inali itafa, ndipo kuibwezera m'madzi ndi mankhwala akewo kukanakhala kupha nsomba tsiku lomwelo.

Mwana wachisamba uja, amene ankayendetsa mabasi ndipo onse ankangomuti Dalaivala, anayesa kuzimitsa moto. Anati Azakhali amafuna kuthandiza, amayi asaiwale kuti nawonso aferedwa. Anapita kusitolo ya nsomba n'kubwera ndi kabotolo ka chakudya chouma, nawazamo ndi mtima wonse. Chakudyacho chinayandama, chinamira, chinaolera pamchenga, tinsomba tikungochilambalala. Atabwererako kukafunsa za tizilombo tamoyo, mwini sitolo anapukusa mutu. Anati iye sasunga zimenezo, ndipo amene ankamugawirako akasowa anali a Magalasi omwewo. Kuti munda watsopano ukhwime pamafunika miyezi, pamene nsombazo zilibe miyezi. Dalaivala anabwerera ali manja lende, n'kuyamba kunena zoti mwina angogulitsa thanki yonseyo amayi apumule. Mayi anamufunsa ngati akufuna agulitsenso mpando wa bambo ake, ndi bedi lomwe, kuti apumule bwinobwino. Sanayambirenso.

Masiku otsatirawo Mayi ankagwada pa thanki m'mawa uliwonse, mmene ankachitira malemu. A Magalasi ankati nsomba imeneyi usaione kumsana, msana ndi wonama, uzione kumimba. Mimba ikakhala yozungulira ndiye kuti zili bwino, ikayamba kulowa m'kati ndi kamzere kuonekera m'mbali, njala yafika. Tinsombato tinkazungulira miyala iwiri yotsala ija, kujompha apa, kujompha apo, kenako kumangoyandama pamchenga woyera umene Azakhali ankaunyadira.

Ndipo pogwada pamenepo Mayi ankakwiyira malemu koposa wina aliyense. Munthu wotani amene ankadziwa mimba ya kansomba kuposa chikhatho chake, yake n'kumaibisa m'malaya aakulu? Ankasuntha chakudya m'mbale uku ndi uku, n'kunena kuti wadya kale m'tauni. Lamba anaboola mabowo ena mobisa. Mayi anawakalipira, anawanyengerera, anawaphikira izi ndi izo, koma bambowo ankangoseka n'kupita kukasuzumira nsabwe zawo. Ndiye lero anthu akuti mkazi ndiye analibe maso. Mayi ankalakalaka atawadzutsa kanthawi kochepa chabe, awauze mawu awiri atatu, kenako abwerere.

Kakamuna kanayamba ndiko kufa. Mayi anakapeza m'mawa katagona chammbali pamchenga, mitundu yake ikuwalabe ngati palibe chachitika. Anakavuula ndi kasefa, anakaika pa kambale ka kapu, n'kupita nako kukhitchini kumene Azakhali ndi Dalaivala ankamwa tiyi. Anakaika patsogolo pa Azakhali, pambali penipeni pa buledi.

"Onani mimba yake, alamu. Musaone msana, onani mimba."

Dalaivala anati amayi, chonde, koma Mayi anali atayamba kale. Anafotokoza zonse mwaukali: kuti ndere zija zinali munda, nyansi zija zinali chakudya, kathanki kobiriwira kaja bambo anakalera chaka chathunthu asanagule nsomba, ndipo munthu mmodzi wokonda kuoneka waukhondo wakatha m'mawa umodzi. Katsala kakakazi, nakonso mimba yalowa. Akakafa, ndiye kuti m'nyumba muno simutsalanso chamoyo chimene bamboyo anachigwira ndi manja ake.

Azakhali anayang'ana kansombako nthawi yaitali. Anafunsa funso limodzi lokha, motsitsa mawu, ngati tizilombo timeneto timakhala mu ndere zobiriwira zopotanapotana ngati ulusi. Mayi anati inde, zomwe zili mungalandezo. Azakhali anaika kapu pansi, analowa kuchipinda, anatuluka ndi chikwama chawo, n'kumapita osatsanzika. Dalaivala anauza amayi ake kuti achita manyazi, athamangitsa munthu wamkulu pa maliro a mlongo wake chifukwa cha nsomba. Mayi anayankha kuti chipata sanatsekere munthu, ndipo ngati akuwamvera chisoni awatsatire.

Dzuwa litapendeka, galimoto ya hayala inaima pachipata. Anatsikamo Azakhali, siketi yonse ili chonyowa, atakumbatira kathanki kagalasi kokhala ndi madzi theka. Woyendetsa ankatsitsa ndowa ziwiri zovundikira uku akudandaula za mipando yake. M'kathankimo munali miyala yabulauni ndi ndere zothithikana, ndipo m'mbali mwake munali kamzere kolembedwa ndi chodulira magalasi, kosonyeza pofika madzi. Mamatidwe a m'makona aja Mayi akanawazindikira ngakhale atatsinzina.

"Mwakatenga kuti aka?"

Azakhali anakaika patebulo mosamala. Anati kakhala pawindo la kukhitchini kwawo kuyambira chaka chatha. Mlongo wawo anangobwera nako tsiku lina, n'kulumikiza kapampu ka thovu, n'kunena kuti ndi zake, asakhudze, asatsuke, azingothiramo madzi akatsika pamzere. Sananene kuti n'zachiyani, iwonso sanafunse, ankangoti ndi misala yake ya masiku onse. Kwawoko kankaoneka bwino chifukwa mwini wake ankadzakasamala. Atapeza ka kuno katachita bii, mchere uli mbuu pa kabati, anaganiza kuti alamu awo akalekerera mmene analekerera mwamuna. Mlongo wawoyo ankabwera kwawoko Lachitatu lililonse.

Mayi anamva kutentha kumaso. Lachitatu ndi tsiku limene a Magalasi ankati akupita kusitolo ya nsomba, n'kumabwerako madzulo opanda kanthu m'manja. Kani ankapita kukakhala ndi munthu amene anamunyoza mkazi wawo pagulu, chaka chonse, osanena.

"Ndiye munkamudyetsa bwino kumeneko, poti kuno kunalibe mkazi?"

Azakhali anakhala pampando.

"Ndinkaphika, alamu. Lachitatu lililonse ndinkaphika. Ankangogwiragwira, n'kunena kuti wadya kale kwanu."

"Kuno ankati wadya m'tauni."

Dalaivala anayang'ana amayi ake, anayang'ana azakhali ake, n'kutuluka kukalipira wa galimoto, ndipo anachedwako dala.

Mayi ndi amene anayamba kusuntha. Anatsegula kabati, anakankhira pambali kathanki kokwechedwa kaja, n'kuuza alamu awo kuti agwire mbali inayo, asangokhala ngati mlendo. Kathanki kochokera kwa Azakhali kaja anakalowetsa pamalo pake, anathiramo madzi a mu ndowa imodzi mpaka pamzere, ndipo miyala ya mu ndowa inayo inali yoti ilowe m'thanki yaikulu. Koma madzi a nyumba ziwiri sasakanizidwa chisawawa, mchere wake uyenera kufanana. Kachipangizo koyezera kanali pomwepo pamwamba pa kabati. Palibe amene anakayang'ana. Mayi anaviika chala m'thanki yaikulu, ndipo potembenuka anapeza Azakhali ataviika kale chawo mu ndowa. Onse awiri analawa, anakwinya nkhope, n'kupukutira chala m'chiuno. Kenako anasinthana, wina ku ndowa, wina ku thanki, n'kulawanso.

"N'chimodzimodzi," anatero Azakhali.

"Wabodza wachabechabe uja," anatero Mayi ponena malemu, misozi ikutsikira pachibwano. Sanaipukute.

Anaika miyalayo umodziumodzi, analumikiza pampu, anakoka makatani kuti pabalaza pachite kamdima, n'kuyatsa tochi ya malemu. Anagwada onse awiri, mawondo akulira, n'kuunika pagalasi. Poyamba sanaone kanthu. Azakhali anayamba kudandaula kuti mwina tizilombo tafera m'njira ndi mabampu aja, koma Mayi anawauza kuti akhale chete, kuona maso a nkhono n'kudekha. Azakhali anati mawu amenewo anawamva mokwanira kwa mlongo wawo Lachitatu lililonse, safunikanso kuwamva kuno.

Kenako anationa, timadontho toyera ngati fumbi, tikuthamanga modukizadukiza pamwala. Kakakazi kanatuluka pakona kaja pang'onopang'ono, mimba ili pwata, kanaima pamwamba pa mwala wochokera kwa Azakhali, kanapendeketsa diso, n'kujompha. Kanasuntha pang'ono n'kujomphanso.

Dzanja la Mayi litatopa, Azakhali analandira tochi.