Wailesi ya kwa aLyson

Wailesi inazima Loweruka masana, muulutsi wa ku Lusaka ali pakati powerenga moni wochokera kwa anthu ogwira ntchito kutali. Sinayambe yasasa mawu monga inkachitira batire ikamatha. Inangothetheka kamodzi, kenaka zii. Amayi amene anali pakhonde akusadzula nkhwani anadikira pang'ono, Salome akupotokola kabatani uku ndi uku. Ataona kuti palibe chikumveka, ananyamuka mmodzimmodzi.

Wailesiyo anabwera nayo mwamuna wake Lyson mu 1953, atabwera kutchuthi kuchokera ku Halale. Inali yabuluu, yozungulira ngati sefuliya, ndipo batire yake inali yaikulu ngati njerwa. Lyson anakhala mwezi umodzi n'kubwerera. Chichokereni apo sanaonekenso.

Lolemba m'mawa Salome anakulunga wailesiyo m'chitenje, naiika m'dengu pamodzi ndi batire, n'kusenza ulendo wa ku Nsaru. Kumeneko kunali mlamu wake Yonasi, mkulu wake wa Lyson. Yonasi anaphunzira za mawailesi ali ku usilikali, ndipo tsopano ankakonza njinga, nyale ndi makina osokera pakhonde la sitolo ina.

"Mwayenda wapansi, alamu, ndi matope onsewa?" anafunsa Yonasi atamulandira dengu.

"Ndikanatani? Yangokhala chete popanda kudwala."

Yonasi anayamba ndi batire. Anagunditsa timawaya pa lilime lake n'kukwinya nkhope.

"Iyi ikuluma. Moto ulimo. Kodi inagwapo pansi?"

"Ayi."

"Mphenzi inang'anima?"

"Kunali dzuwa tsiku limenelo."

"Palibe amene anaiseweretsa? Kapena kulumikiza mawaya mopingasa?"

"Amaigwira ndine ndekha. Ngakhale kupukuta fumbi sindituma munthu."

Yonasi anamasula chivundikiro cha kumbuyo. M'katimo munali timababu tagalasi toima ngati ana a sukulu pamzere. Anatizula kamodzikamodzi, kutiyang'ana padzuwa, kutigwedeza pafupi ndi khutu. Analowa m'sitolo n'kukabwereka wailesi ya mwini sitoloyo, yofanana ndi ya Salome, nayamba kusinthanitsa timababuto. Kalikonse ka Salome kakalowa m'wailesi inayo, nyimbo inkamveka bwinobwino.

"Onsewa ndi amoyo," anatero. "Mwina ndi waya waduka penapake. Zikatero ndi nkhani yaing'ono."

Salome anapuma mpweya wautali, nakhala pansi bwino, kutambasula miyendo. Anayamba kufunsa za ana a Yonasi ndi za fodya wa kumudzi kwawo. Yonasi ankayankha maso ali m'wailesi, akulondola waya uliwonse ndi nsonga ya sipoko ya njinga. Dzuwa linafika pamutu. Munthu wina anabwera ndi njinga yophwa, Yonasi namuuza kuti abwere mawa.

Kenaka anasiya kuyankha. Anaweramitsa mphuno m'katimo nanunkhiza. Anamasula kachitsulo kapansi n'kukatembenuza. Kunsi kwake kunali dzimbiri lobiriwira, ndiponso mzere wa madzi amene anauma. Pakona panali kanthu kokulungidwa ndi waya woonda ngati tsitsi. Kanali katada, ndipo atakakhudza ndi sipoko, kanayoyoka ngati makala.

"Alamu, wailesiyi imagona pati?"

"Pakathebulo, kuchipinda, kumutu kwa mphasa."

"Denga likudontha pamenepo?"

"Ayi."

Yonasi anamuyang'ana. Salome anatsitsa maso nayamba kutola timiyala pansi.

"Pang'ono," anatero. "Ndimaifunditsa chitenje."

"Chitenjecho chikanyowa, madzi amatsikira m'kati. Sizinayambe Loweruka izi. Madzi akhala akudya pang'onopang'ono chiyambireni mvula. Loweruka linali tsiku lomaliza chabe." Anaika sipoko pansi. "Nyumbayo inafoleredwa liti?"

"Anafolera ang'ono anu, ulendo uja."

"Nanga achimwene anu aElifasi sakuthandizani?"

"Anati nyumba ya mwamuna wamoyo sifoleredwa ndi mlamu. Anati ndisankhe: ngati ndili pabanja, mwini banja abwere adzafolere. Ngati banja latha, ndinene, aitane ankhoswe, iwo adzandifolerera ngati mlongo wawo. Udzu ndinamweta ndekha, koma padenga ndikwera bwanji? Unaolera pamulu."

"Bwanji simunanditumire mawu?"

"Manyazi, alamu."

Yonasi anapukuta manja pa kabudula. Anafotokoza kuti kanthu kakudako iye sangakakulunge ndi manja, ndipo ku Lilongwe sikapezeka. Mwina ku Limbe, mwina ku Halale komweko. Ngakhale katapezeka, dzimbiri linali litalowa kale m'malo ena. Akanakonza apa, mawa pakanafa pena.

"Ndiye kuti yafa, eti?"

"Sindikunamizani. Yafa."

Lole yodzaza matumba inadutsa pamsewu, matope n'kuthovukira m'mphepete mwa khonde. Yonasi anakanda kumutu, natsokomola, kenaka anayamba kulankhula motsitsa mawu.

"Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuisunga. Moni amene mumadikira m'wailesimu, alamu, sindikhulupirira kuti adzabwera. ACosmas a kwa Kabudula atabwera kuchokera uko anandiuza kuti..."

"Kuti ali ndi mkazi ndi ana awiri," anamaliza Salome. "Ndinamva kalekale. Akazi awo aCosmas anandiuza kuchigayo."

"Ndiye mumadikiranji?"

"Sindidikira moni ine. Ndinaleka." Anakonza mpango wake. "Koma wailesi ikamalira, anthu amati tiyeni kwa aLyson tikamvere nyimbo. Ana apanjira amati apo ndi pa aLyson. Ine ndimakhala mkazi wa munthu. Dzulo tsiku lonse la Sabata sipanafike ngakhale mmodzi. Mayi wina podutsa anafunsa mnzake kuti, kodi kwa Salome kuli bwanji?"

Yonasi anabwezera timababu m'malo mwake, namanga chivundikiro mosamala ngati kuti ikagwiranso ntchito. Anati mvula ikatha adzabwera ndi njinga kudzafolera, Elifasi afune asafune. Onse awiri ankadziwa kuti udzu wouma sudzapezeka mpaka mwezi wa Juni, ndiponso kuti mlamu wa kuchimuna sangakwere padenga m'mudzi wa eni popanda kuyambitsa mlandu.

"Batireyi itsale," anatero Salome. "Mupatse wina amene yake ikulira."

Ananyamula dengu lopepuka n'kubwerera. Mvula inamupeza asanaoloke dambo, ndipo sanathamange. Sanaphimbe ngakhale dengulo.

Atafika kumudzi anapeza Elifasi atakhala pakhonde la nkhokwe, akusema mpini. Elifasi anayang'ana dengulo, nayang'ana mlongo wake.

"Akonza?"

"Ayi, achimwene."

Elifasi anapitiriza kusema. Sanaoneke wokondwa monga Salome ankaganizira. Anangofunsa ngati wadya, Salome n'kupukusa mutu.

"Mukawauze ankhoswe," anatero Salome. "Koma adikire ndithyole kaye fodya. Sindifuna kukhala pabwalo mbewu zili m'munda."

"Ndamva."

Salome analowa m'nyumba, natsitsa dengu pakona. Anafinya chitenje chake, namanganso m'chiuno chili chonyowa. Kunali kusanade, ndipo mvula inali itayamba kukata. Anatenga khasu kuseri kwa chitseko napita kukatsegula ngalande, chifukwa madzi anali atayamba kulowa m'khola la mbuzi.