Mphutsi Sizidziwa Idi

Mwezi wosala utatsala pang'ono kutha, anthu a m'nyumba za lendi momwe Sumirah ankakhala anayamba kumanga katundu, aliyense wa kwawo kukadya Idi. Nayenso anali atalonjeza mwana wake Lastri, amene ankaleredwa ndi agogo ake kumudzi, kuti chaka chino abwera ndithu. Kadiresi kobiriwira anali atagula kale.

Koma kuseri kwa nyumba kunali mabeseni a mphutsi za ntchentche zakuda, zomwe ankagulitsa kwa oweta milamba ndi abakha. Ankazidyetsa makombo ochokera kumalo odyera a Mayi Tuminah: mpunga wosasa, makoko a papaya, zotsala za kokonati.

"Iwe make mphutsi, ndowa yomaliza ndi iyi," anatero Mayi Tuminah akukhoma chitseko cha malo odyerawo, poti nawonso anali pa ulendo wa Idi. "Ukazikhuthulire zonse kamodzi, mawa ukwere basi ngati anzako."

"Ndinayesapo, mayi. Chakudya chikachuluka chimatentha, mphutsi zimathawa. Zinakafika mpaka m'bafa mwa eni nyumba."

"Ndiye uzibereke kumsana, zikaone agogo awo!"

Sumirah anaseka, koma kumtima kunali zii. Anapempha khomo ndi khomo woti amudyetsereko, koma aliyense anali pa ulendo. Mphutsizo zikafa, mbewu yatha: palibe ntchentche, palibe mazira, ndipo Lastri asiyira sukulu panjira ngati mayi ake.

M'mawa basi inaliza hutala pamsewu. Iye anali chogwada, akusefa mphutsi. Sanadzutse mutu mpaka phokoso lake litazilala.

Tsiku la Idi, atachoka kumapemphero, anaimba foni.

"Amayi, mwafika pati?" anafunsa Lastri.

"Ndikadali kuno, mwanangu. Ndikhululukire. Ndasowa wozisiyira mphutsi."

"Zilibe amayi awo kodi?"

"Amayi awo amafa akangoikira mazira."

Kumbuyo kwa mwanayo kunkamveka mbale kugundana ndi kuseka kwa abale.

"Chabwino, zidyetseni," anatero Lastri, n'kupereka foni kwa agogo ake.

Sumirah anapinda kadiresi kaja, n'kukabwezera m'pepala lake. Ndowa ya Mayi Tuminah inali itatha. Anavula zovala za Idi, anamangirira ndowayo panjinga, n'kulowa mumsewu wopanda munthu, akuyang'ana nyumba iliyonse yofuka utsi, yoti mwina madzulo kukhala makombo.