Theka la Wophunzira

Sabata yotumiza lipoti la chiwerengero cha ophunzira ikafika, mlembi wa mu ofesi ya kaundula pa yunivesite ankadyera nkhomaliro pa desiki. Tsiku lina malume ake, telala amene ankabwera kudzaphunzira Loweruka lokha, anamupeza atakwiririka m'mapepala.

"Mphwanga, pamenepa ine ndili pati?"

Mlembi anawalozera mizere iwiri. Woyamba unkawerenga mitu: aliyense wolembetsa, mmodzi. Wachiwiri unkayang'ana maola a m'kalasi, ndiye wosabwera masiku onse ankalembedwa theka la wophunzira.

"Theka? Ine ndi imvi zonsezi?" Malume anaseka mpaka kugwira chitseko. "Nanga theka linalo lili kuti?"

"Timaphatikiza awiri kuti akwane mmodzi, malume."

"Ndiye undiphatikize ndi nesi timakhala naye benchi imodzi uja. Iye masamu ndi madzi akumwa, ine cholembera chimandimvera. Usandilumikize ndi mlesi, wamva?"

Mlembi anafuna kufotokoza kuti kompyuta sisankha nkhope, koma anangomwetulira n'kuti, "Ndamva, malume."

Lipoti linapita, n'kupitanso, zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lolandira madigiri, mlembi anaima pakhomo la holo akuchonga mayina. Malume anafika atavala gauni, nesi uja ali pambuyo pawo. Mwa chizolowezi cha ntchito, malume anayamba apenda msoko wa gauniyo, kenako anatambasula mikono yonse iwiri.

"Taona, mphwanga, sanandisokere dzanja limodzi. Lero ulembe wathunthu."