Mng'alu wa Kuseri kwa Mapu

Sukulu ija inamangidwa kutchire, tauni ikadali kutali. Koma tauni ili ndi miyendo. Inabwera pang'onopang'ono, lero golosale, mawa siteji ya minibasi, mpaka sukuluyo inapezeka yapanikizika pakati pa nyumba zosanja ngati nkhalamba m'basi yodzaza. Zipinda zinayi zomwe zija, ana ngati nyerere.

Wosamalira pamalopo anali mkulu wina amene aliyense ankangomutchula kuti a Makiyi, poti asanatulukire pakona ankayamba kumveka ndi makiyi a m'chiuno. Luso lawo linali kubisa. Kwa zaka makumi atatu, akangomva kuti kukubwera oyendera sukulu, ankapinda malaya. Mng'alu wa m'kalasi yoyamba anauphimba ndi mapu a dziko lonse. Khoma lopendekeka analitsamiritsa kabati. Podontha denga anaikapo ndowa n'kudzalamo maluwa, mvula izithirira yokha. Mumtima mwawo ankadziwa kuti sukulu sinatsekedwe chifukwa cha iwo.

Ahedi anali mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Tsiku lina anawaitanira mu ofesi n'kuwauza kuti khonsolo ikutumiza injiniya. Sukulu zakale m'deralo zinali ziwiri, iyi ndi ina ya kutsidya kwa msewu waukulu. Imodzi imangidwanso yosanja, inayo itsekedwa.

"Ulendo uno musabise kanthu, alamu. Mwamva?"

"Inu phunzitsani ana, makoma ndi anga. Wodzafunsira mbeta samuonetsa chipsera."

"Achemwali anga munawabisira dazi m'chipewa, koma analiona ndithu."

"Analiona atavomera kale," anatero a Makiyi, n'kupita kukasungunula laimu wopaka makoma.

Injiniyayo anali mayi wachitsikana wa chisoti chachikasu. A Makiyi ankayenda patsogolo pake, penapake n'kumaima mwadala kutchinga ndi msana. Mayiyo anayamikira maluwa a m'ndowa. Anayamikira kuyera kwa makoma. Analemba m'buku lake, a Makiyi n'kutsinzinira mlamu wawo diso.

"Mwaisamala, bambo," anatero injiniya atabwerera m'kalasi yoyamba. "Nyumba yolimba chonchi sitingaigwetse. Tiisandutsa maofesi. Yosanja timanga kutsidya, poti yakumeneko yatheratu. Anawa azipita komweko."

Makiyi a m'chiuno anasiya kulira. Msewu uja a Makiyi ankaudziwa bwino. Iwo omwe, ndi ndevu zawo, ankaima mphindi khumi kudikira kuti malole adutse. Anayang'ana tiana tokhala pansi, tina tosadziwa n'komwe kumanga zingwe za nsapato. Anayang'ananso ahedi, koma ahedi anali atapinda manja n'kumayang'ana kudenga, pamene laimu anali asanaume.

A Makiyi anakhosomola. "Mayi, munaphunzira kwambiri. Koma dziko munaliona kuseri kwake?"

Anakwera pa benchi n'kuzula misomali inayi. Mapu anagwa. Mng'alu unali pamenepo, kuchokera kudenga mpaka pansi, woti dzanja n'kulowa. Kudzera mumng'alumo, telala wosoka pakhonde la nyumba yoyandikana anadzutsa mutu.

"Mwadzuka bwanji, a Makiyi? Lero mwatsegula windo?"

Ana anafa nacho chiseko. Injiniya sanaseke. Anapisa rula mumng'alumo, rula yonse n'kumira.

"Zilipo zina?"

"Zina?" A Makiyi anakonza kolala. Munthu akaganiza zovula, savula theka. "Tiyeni."

Anakankha kabati, khoma n'kuonetsa mimba yake. Anachotsa ndowa ya maluwa n'kuloza bowo la kudenga limene kuwala kwa dzuwa kunkalowerapo. Anasonyeza mtanda wa denga wodyedwa ndi chiswe umene anaukulunga ndi nsalu ya tebulo. Chilema chilichonse ankachitchula ndi chaka chake, monyadira ngati akuonetsa zidzukulu. "Mng'alu uwu unayamba atamanga yosanja ya kuseriyi. Uwu ndi wa malole, atakuza msewu. Akakuuzani kutsidya kuti ali ndi woposa uwu, akunama."

"Zaka zonsezi ana amaphunzira pansi pa zimenezi?" anafunsa injiniya.

Apa a Makiyi anangoyang'ana nsapato zawo.

Mayiyo anang'amba tsamba analemba lija n'kuyamba lina. Anati ana atuluke m'kalasi yoyamba tsiku lomwelo, aziphunzirira pansi pa mtengo. Anatinso ana ambiri amakhala mbali ino ya msewu, ndipo nyumba yoti igwetsedwe waipeza, choncho akalemba kuti yosanja imangidwe pompano.

Atapita, ahedi anatola mapu aja, kuwakuntha fumbi n'kuwapinda bwinobwino.

"Mwaulula zonse, alamu. Chatsala n'chipewa."

"Chimenecho ayi," anatero a Makiyi, akuchikanikizira kumutu. "Angalembe kuti nanenso andigwetse."