Kabelu Wasiya Kuseka

Chipinda chinali chimodzi koma ntchito zinali ziwiri. Kumanzere kwa katani kunali mpando wometerapo ndi galasi lalikulu long'aluka pakona. Kumanja kunali makina osokera, mulu wa zigamba, ndi telala wachitsikana amene msewu wonse unkamutcha Kabelu chifukwa cha kasekedwe kake. Akaseka, ngakhale wosoka nsapato wa kutsidya kwa msewu ankadzutsa mutu.

Wometayo anali mwamuna wake, ndipo ankatchedwa Wailesi, poti pakamwa pake panalibe pozimitsira. Katani ija sinkafika kukhoma. Wailesi anasiya mpatawo dala, galasi n'kulipendeketsa pang'ono kuti akamameta munthu azionanso nkhope ya mkazi wake. Nthabwala ankaiuza kasitomala, koma maso ali pagalasi. Kasitomala aseke, asaseke, zake zimenezo. Iye ankadikira belu lija.

Ndiye Kabelu atatenga pathupi, mimba n'kukula, belu linasiya kulira.

Nkhani yake ndi yamanyazi pang'ono, komabe tiinene. Masana ena Wailesi ankatsanzira mayendedwe a eni nyumba. Kabelu anaseka mpaka misozi, kenako anangomva kufunda pampando. Timadontho ta mkodzo tinali titadutsa chovala chamkati mpaka pasiketi. Anakhala pomwepo osadzuka mpaka anthu onse atapita, akunamizira kusoka zipi yosoka kale. Mawa lake anayetsemula, zomwezo. Atatsokomola, zomwezonso.

Munthu wamkulu, woyembekezera mwana, n'kumadzinyowetsa ngati mwanayo? Sanauze aliyense. Anachepetsa kumwa madzi n'kuchotsa botolo lake pambali pa makina, anayamba kuvala zakuda, anapinda kansalu n'kuika pampando, ndipo koposa zonse anasiya kuseka. Nthabwala ikayamba, ankaluma mlomo n'kupalasa makina mwamphamvu kuti phokoso limeze mawu.

"Akazi anga, mwaimva imeneyo?" Wailesi ankafunsa kuseri kwa katani.

"Ndaimva."

"Nanga?"

"Ndi yabwino."

"Yabwino! Nthabwala si malaya, amayi, yoti muziigwiragwira n'kumati yabwino."

Tsiku la sikelo, amayi oyembekezera anadzaza mabenchi m'chipinda chonunkhira sopo wa mankhwala. Anamwino anali mayi wamfupi, magalasi akulendewera pachingwe, ndipo anali ndi kachitidwe kawokawo. Sankafunsa kuti ndani akudontha mkodzo, poti ankadziwa kuti palibe angakweze mkono. Anangolowetsa pilo m'kati mwa yunifolomu, n'kugwetsa makiyi pansi, n'kuyamba kuwatola. Anawerama, mimba inakana. Anayesa chammbali, inakananso. Anayesa ndi chala chakuphazi, akubuula n'kumaitana amuna awo oti palibepo. Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Kabelu analuma mlomo, mawondo atapanikiza.

Anamwino anachotsa pilo uja, navala magalasi.

"Ndawaona amene aseka atapanikiza mawondo," anatero. "Ndawaonanso amene sanaseke n'komwe. Sinditchula munthu, koma muli ambiri kuposa mabenchiwa."

Amayiwo anayang'anana. Kenako mayi wina kumbuyo anati, "Inetu ndimayesa ndi mwanayu akukodzera m'katimu!"

"Musamunamizire mwana asanabadwe," anamwino anayankha, anthu n'kusekanso. "Pali telala pano?"

Kabelu anakweza chala chimodzi, chakumapeto.

"Mwana wanga, lasitiki wa m'chiuno akakokedwa miyezi yambiri amatani?"

"Amakhwepa."

"Ndiye mumatani?"

"Timachotsa n'kuika wina."

"Eya. Nanunso muli naye lasitiki wanu, kunsi kwa chiunoku. Ndi minofu imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, n'kumatseka njira kuti zinthu zisatuluke musanazilole. Panopa yasenza mwana, ndiye yatopa. Mukaseka kapena kuyetsemula, imalephera kugwira. Uyu sitichotsa, koma ubwino wake ndi woti ndi mnofu: ukamamupatsa ntchito, amalimba."

Anawauza kuti afinye m'kati ngati akuletsa mpweya woipa pamaso pa apongozi, akokere m'mwamba, agwire kamphindi akupuma bwinobwino, kenako amasule mpaka kumasukiratu. Matako ndi ntchafu zisathandize, nkhope isadziwe. Asamayeserere pokodza. Madzi asasiye kumwa, poti kudzimbidwa n'kudzikankha kuchimbudzi kumatopetsanso minofu yomweyo. Akamva kuotcha pokodza, kapena kulemera ngati chinthu chikutsika kumaliseche, abwere adzanene. Ndipo madzi akamangotuluka okha osalekeza, munthu asanaseke kapena kutsokomola, asadikire tsiku la sikelo.

"Zimatenga masabata, musataye mtima. Sankhani chinthu chochitika pafupipafupi pa tsiku kuti chizikukumbutsani."

Kabelu sanavutike kusankha. Padziko lonse panalibe chochitika pafupipafupi kuposa nthabwala za mwamuna wake.

Kuyambira mawa lake, Wailesi akangoti "Paja ndinakuuzani za munthu wa njinga uja," Kabelu ankaimitsa makina n'kufinya lasitiki wake ndi mtima wonse. Chimene sankadziwa n'chakuti nkhope inkathandiza nawo ntchitoyo. Nsidze zinkakumana pakati, mphuno inkakwinyika, milomo n'kusongoka ngati ya munthu amene wanunkhiza mkaka wosasa. Kumbali yake kunalibe galasi. Galasi linali kwa Wailesi.

Poyamba mkazi ankangokhala chete. Tsopano nthabwala iliyonse inkalandiridwa ndi tsinya. Wailesi anasintha nthabwala, tsinya lomwelo. Anabwereka za anzake, tsinya linakula. Pamapeto pake wailesi inazima. M'chipindamo munkangomveka makina ometera ndi makina osokera, aliwonse kulira kwawo.

"Amwene, mabatire atha?" anafunsa mdala wina wadazi amene ankabwera kudzametetsa tsitsi loti kulibe, n'cholinga chongomva nkhani.

"Weramani pang'ono, bambo," Wailesi anangotero.

Kabelu poyamba anapumako, poti pampando panali pouma. Koma masana ena, akulowetsa ulusi pasingano, anayang'ana pampata wa katani paja mwachizolowezi. Maso a mwamuna wake panalibe. Galasi linali litawongoledwa, likuonetsa khoma ndi kalendala. Ulusi unakana kulowa. Anaunyowetsa ndi malovu, unakanabe.

Madzulo, kasitomala womaliza atatuluka, Wailesi ankasesa tsitsi osaimba n'komwe mluzu.

"Amuna anga, galasi mwaliwongoleranji?"

"Linkandionetsa zinthu zosayenera." Anaima atatsamira tsache. "Akazi anga, ngati ndakutopetsani, mungonena. Ndikudziwa ndine wolongolola. Mayi anga omwe ankandituma kutali kuti apumeko. Koma nkhope imene mumandipangira ija, ngakhale eni nyumba sanandipangirepo."

"Nkhope yanji?"

Wailesi anaika tsache pansi n'kumuonetsa. Nsidze, mphuno, milomo, zonse.

Kabelu anagwira pakamwa. Ankatha kunena kuti ndi mseru, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mwamunayo anali ataima ndi tsitsi la anthu ena kumapazi, maso ali ngati a mwana wotsalira pageti la sukulu. Kabelu anayang'ana zigamba za pansi n'kunena motsitsa, mawu akuthamangitsana.

"Ndikaseka ndimadontha mkodzo."

"Mwati?"

"Mwamva! Musandibwerezetse."

Anamufotokozera zonse, za zipi ija, za kansalu ka pampando, za anamwino ndi lasitiki wawo. Wailesi anamvetsera pakamwa pali yasa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni sanadule munthu mawu.

"Ndiye kuti," anatero pang'onopang'ono, "nthabwala zanga zija zinali zoseketsabe?"

"Ine ndikukuuzani za matenda, inu mukufunsa za nthabwala?"

"Ayi, pepani, pepani. Koma ya munthu wa njinga ija?"

"Imeneyo inatsala pang'ono kundipha."

Wailesi anakhala pampando wometera ngati wamasulidwa chingwe. Kenako anadziyang'ana pagalasi. "Lasitikiyo amuna tili naye?"

"Anamwino akuti aliyense ali naye."

"Tandiphunzitsani."

Kabelu anamuuza za mpweya woipa ndi apongozi. Wailesi anagwira mikono ya mpando, nakoka mpweya. Maso anatong'oka, khosi linatupa mitsempha, makutu anagwedezeka, ndipo mpando womwe unalira kuti kwii.

Belu linalira. Linalira mpaka wosoka nsapato, amene ankatseka kutsidya, anadzutsa mutu. Kabelu anaseka atagwira mimba ndi dzanja limodzi, linalo likumenya makina, misozi ili chuchuchu. Atatha anayang'ana siketi yake, nayang'ana mwamuna wake.

"Mwaona zimene mwachita?"

Wailesi anakutumula nsalu yofunditsa makasitomala ija, namumanga nayo m'chiuno mosamala ngati akuveka mkwatibwi. "Palibe angaone. Akafunsa, tinena kuti ndi sitayilo yatsopano ya telala wathu."

Pa sikelo yotsatira, Kabelu anatsalira anzake atatuluka, naonetsa anamwino mmene ankachitira. Anamwino anavula magalasi kuti aseke bwino. "Mwana wanga, nkhopeyi siinyamula chikhodzodzo. Pumani, masulani nsidze. Ndipo mukaona kuti chiseko kapena kuyetsemula kukubwera, finyani chisanafike."

Kudontha sikunathe sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Kunkangochepa, mwakachetechete, monga mmene ulusi umathera pa bobini. Botolo la madzi linabwerera pambali pa makina, ndipo galasi linapendekekanso. Kungoti pamalopo panabwera lamulo latsopano limene makasitomala sankalimvetsa. Nthabwala isanayambe, Wailesi ankayamba wazimitsa makina ometera, n'kukweza mawu kuloza kukatani.

"Akazi anga, kokani lasitiki, ikubwera!"

"Lasitiki wa chiyani?" mdala wadazi uja anafunsa tsiku lina.

"Za utelala izi, bambo, simungazimve," anatero Wailesi, maso ali pagalasi.

Kuseri kwa katani, nkhope ili yosalala ngati nsalu yosita kumene, Kabelu anayankha, "Ndakoka. Ibwere."